Moss ndi liverwort: tizomera tiwiri timene timangotitcha ndere

Dzinja likafika pachimake, khoma la kuseri kwa bafa, miyala ya m'mbali mwa mtsinje ndi makungwa a mitengo ya m'phiri zimavala zobiriwira. Ambirife timangoti ndi ndere, n'kupitirira ulendo. Komatu m'dzina limodzilo mwabisala zamoyo zosiyana kwambiri. Ndere zoterera za m'madzi ndi zina, zouma zotuwa zomata pamwala ndi zinanso, ndipo pakati pake pali magulu awiri a tizomera teniteni timene akatswiri amatitcha moss ndi liverwort. Akulu anati kuona maso a nkhono n'kudekha. Tizomerati timafunanso kudekha komweko, ndipo wogwada n'kutiyang'anitsitsa sabwerako chimanjamanja.

Kodi moss ndi liverwort n'chiyani, nanga n'chifukwa chiyani anthu amazisokoneza?

Zonse ziwiri ndi zomera zazing'ono zopanda maluwa, zopanda zipatso, zopanda njere komanso zopanda mizu yeniyeni. Zilibe mitsempha yolimba yonga imene imakweza madzi kuchokera kumizu ya chimanga kukafika kungayaye, choncho zimamwa madzi ndi thupi lonse, ndipo sizitalika. Akatswiri amaziika m'banja limodzi lotchedwa bryophyte, pamodzi ndi gulu lachitatu laling'ono, hornwort, limene limatulutsa tizinthu tosongoka ngati nyanga.

Padziko lonse pali mitundu pafupifupi 12,000 ya moss, pamene ya liverwort ilipo yoposa 7,000. Zimasokonezedwa chifukwa zimakonda malo amodzi: pamthunzi, pachinyontho, pamene madzi amadontha. Nthawi zambiri zimamera mopiringizana pamwala umodzi, moti dzanja limodzi likhoza kutola zonse ziwiri mwiniwake osadziwa.

Dzina lakuti liverwort linachokera kuti?

Linachokera ku mawu awiri a Chingelezi chakale, lina lotanthauza chiwindi, lina lotanthauza chomera. Asing'anga a ku Ulaya akale ankakhulupirira kuti chomera chikafanana ndi chiwalo cha thupi ndiye kuti chimachiza chiwalocho. Ataona kachomera kophwatalala kokhala ndi zigawo ngati chiwindi, anayamba kukapereka kwa odwala chiwindi. Chikhulupirirocho chinatha, koma dzina linatsala.

Liverwort wotchuka kuposa onse ndi Marchantia. Dzinali linaperekedwa ndi katswiri wa zomera wa ku France, Jean Marchant, pofuna kukumbukira bambo ake, Nicolas Marchant, ndipo Carl Linnaeus analisunga m'chaka cha 1753 pamene ankaika mayina a zomera m'ndondomeko. Kumbali ya moss, amene anatsegula njira ndi Johann Hedwig wa ku Leipzig. Buku lake, limene linatuluka m'chaka cha 1801 iye atamwalira kale, ndilo poyambira mayina a moss ambiri mpaka lero.

Ndikagwada n'kuyang'ana, choyamba kuona n'chiyani?

Yambani ndi maonekedwe a thupi. Mukaona chinthu chobiriwira chophwatalala, chomata pansi ngati kariboni, chopanda tsinde ndi masamba, chimene chimagawika pawiri, kenako pawirinso, mwapeza liverwort. Palibe moss wamkulu amene amaoneka motero. Pamwamba pa Marchantia mudzaona timizere tojambula tizigawo ngati khungu la buluzi, ndipo pakati pa kachigawo kalikonse pali kabowo kolowera mpweya.

Moss nthawi zonse amakhala ndi katsinde ndi timasamba. Wina amaima chilili, wothithikana ngati khushoni. Wina amayanga pansi, wanthambi ngati nthenga ya nkhuku.

Koma apa ndi pamene ambiri amapunthwa. Mabuku a kusukulu amakonda kujambula Marchantia, ndiye wophunzira amaganiza kuti liverwort aliyense ndi wophwatalala. Zoona zake n'zakuti mitundu yambiri ya liverwort, yoposa theka kutalitali, ili ndi katsinde ndi timasamba ngati moss yemwe.

Nanga zonse zikakhala ndi timasamba, ndingazisiyanitse bwanji?

Apa pakufunika galasi lokulitsira zinthu, ngakhale kamera ya foni yabwino ikhoza kuthandiza. Yang'anani zinthu zitatu.

Choyamba, mmene timasamba takhalira patsinde. Ta moss timazungulira tsinde mbali zonse, moti mukayang'ana kuchokera pamwamba mumaona kanyenyezi. Ta liverwort timandandalika m'mizere iwiri, wakumanja ndi wakumanzere, tosanjikizana ngati mamba a nsomba, ndipo chomera chonse chimaoneka ngati chapsinjidwa. Mukachitembenuza, nthawi zambiri mumapeza mzere wachitatu wa timasamba tating'ono kwambiri kumimba kwake.

Chachiwiri, mtsempha wapakati pa tsamba. Moss ambiri ali nawo, kamzere koyenda kuchokera patsinde kulunjika kunsonga. Tsamba la liverwort lilibe mtsempha woterowo.

Chachitatu, mapangidwe a tsamba. La moss limakhala lathunthu, kawirikawiri losongoka. La liverwort limakonda kukhala lobulungira, kapena logawika pawiri, patatu kapena panayi, mwinanso lopindika. Liverwort wotchedwa Frullania, amene amamata pamakungwa a mitengo ndipo nthawi zina amafiirira, amapinda kachigawo ka tsamba lililonse kukhala kamphika kosungira madzi. M'timiphika timeneti mumakhala tizilombo tosaoneka ndi maso. Taganizani: dziwe lonse ndi nzika zake, m'katsamba kochepa kuposa njere ya mawere.

Mwati zilibe mizu. Ndiye zimagwira bwanji pamwala?

Zili ndi tiulusi topyapyala totchedwa rhizoid, timene ntchito yake yaikulu ndi kumangirira chomera pamalo pake. Ndipo apa pali chizindikiro chimene akatswiri amachikhulupirira kwambiri. Kaulusi ka liverwort ndi selo imodzi yokha yaitali, yoyera kapena yoonekera mkati, yopanda nthambi. Ka moss kamapangidwa ndi maselo ambiri olumikizana ngati mfundo za bango, kamachita nthambi, ndipo kamakonda kukhala kofiirira. Kuti muone bwino kusiyanaku pafunika maikulosikopu, koma mtundu wokha umapereka chithunzi: ubweya wofiirira kunsi kwa tsinde umaloza kwa moss, ubweya woyera umaloza kwa liverwort.

Popeza zilibe maluwa, zimaberekana bwanji?

Pa nkhaniyi moss ndi liverwort amayenda njira imodzi. Chomera chobiriwira chimene timachiona chimatulutsa mbewu yamphongo ndi dzira. Mbewu yamphongoyo ili ndi timichira tiwiri, ndipo imayenera kusambira kuti ikafike padzira. Popanda dontho la mvula kapena mame, ukwati sungachitike. Ichi ndiye chifukwa chachikulu chimene tizomerati sitisiyana ndi chinyontho.

Dzira likakumana ndi mbewuyo, pamamera chinthu chatsopano: kaphesi kokhala ndi kathumba kumutu. Ambiri amaganiza kuti ndi duwa kapena chipatso, koma ndi mbadwo wina wa chomeracho. Ndi mwana amene satsika kumsana kwa mayi ake. Amadya kwa mayiyo mpaka ntchito yake ithe. Ntchitoyo ndi kupanga timbewu tonga fumbi, totchedwa spore, timene mphepo imatiuluza kuti tikamere kwina n'kukhala chomera chobiriwira. Kusinthana kwa mibadwo iwiriyi kunafotokozedwa m'chaka cha 1851 ndi Wilhelm Hofmeister wa ku Germany, munthu wogulitsa mabuku amene anadziphunzitsa yekha za zomera.

Kameredwe ka spore kamasiyananso. Ya moss imayamba yatulutsa ulusi wobiriwira woyanga ngati ukonde wa kangaude, ndipo paulusi umodziwo pamaphuka timitengo tambiri. N'chifukwa chake moss amamera mothithikana. Kwa liverwort gawo limeneli ndi lalifupi, ndipo kawirikawiri spore imodzi imabala chomera chimodzi.

Kodi kaphesi ndi kathumbako kangandithandize kudziwa chomwe ndapeza?

Kwambiri, ndipo palibe chizindikiro choposa chimenechi.

Kaphesi ka moss ndi kolimba ngati kawaya, kachikasu, kofiira kapena kofiirira. Kamayamba kutalika kathumba kasanakhwime, ndipo kamakhalapo milungu ngakhale miyezi. Kathumbako kakali kanthete kamavala kachipewa. Kakakhwima kachipewa kamagwa, chivindikiro chimatseguka, ndipo pakamwa pake pamaoneka timano tondandalika mozungulira, kawirikawiri 16, mwina 4, 32 kapena 64. Timanoti timamva nyengo. Mwa moss ambiri, kunja kukauma timatseguka kuti spore zituluke pang'onopang'ono, ndipo kukachita chinyontho timatseka. Moss ali ngati mlimi wofesa mosamala, amene sataya mbewu zonse tsiku limodzi.

Liverwort amachita mosiyana. Kathumba kake, kakuda ndi kowala ngati mkanda, kamakhwimira pansi, kobisika. Kakakhwima, kaphesi koyera, kofewa, kodzaza madzi, kamakakweza m'mwamba mofulumira, mwina m'masiku atatu kapena anayi okha. Kathumbako kamang'ambika panayi ngati mtanda, spore zonse zimatuluka nthawi imodzi, ndipo kaphesiko kamafota posakhalitsa. Mulibe chivindikiro, mulibe timano. M'malo mwake muli tiulusi topotana ngati sipuling'i, totchedwa elater, timene tikayamba kuuma timapindika n'kugwedezeka, n'kumwaza spore. Moss alibe tiulusi totere.

Ndiye mukapeza tiziphesi touma tofiirira titaima pakhoma dzinja litatha, dziwani kuti ndi moss. Ta liverwort timaonedwa ndi okhawo amene afika pa nthawi yake.

Pa liverwort wina ndinaona timakapu ndi timaambulera. N'zachiyani?

Ameneyo ndi Marchantia. Timaambulera ndi ziwalo zoberekera, ndipo chomera chachimuna ndi chachikazi zimakhala zosiyana. Kachimuna kamaoneka ngati kambale kosalala, pamene kachikazi kali ndi tizala tolendewera, ndipo timatumba ta spore timakhwimira kunsi kwake.

Timakapu ndi njira yachidule. M'kati mwake muli tizidutswa tobiriwira tophwatalala, ndipo kalikonse kakhoza kumera kukhala chomera chofanana ndendende ndi kholo lake. Dontho la mvula likagwera m'kapumo, tizidutswato timalumphira kutali, mwina pafupifupi mita imodzi. Liverwort wina, Lunularia, ali ndi timakapu tonga mwezi wongooneka kumene. Chifukwa cha njira imeneyi, Marchantia amavutitsa osamala mbande m'manazale: kuthirira kulikonse kumamufalitsa, ndipo amakuta dothi la m'machubu mpaka madzi kulephera kulowa bwino.

Ndi zoona kuti liverwort amanunkhira?

Ena amatero. M'maselo a liverwort ambiri muli timatumba ta mafuta timene sitipezeka mwa moss kapena mwa chomera china chilichonse. Mafutawa ndi amene amapereka fungo mukafinya chomeracho pakati pa zala. Conocephalum, mwachitsanzo, amadziwika ndi fungo lake lamphamvu. Kafukufuku waonetsa kuti mafutawa amathandiza kuteteza chomera kwa tizilombo tofuna kuchidya. Timatumbati timazimirira chomera chikauma, choncho katswiri amene watola liverwort amathamangira kukamuyang'ana pa maikulosikopu akali wamuwisi, chifukwa kuchuluka ndi maonekedwe a timatumbato zimathandiza kudziwa mtundu wake.

Kodi malamulo amenewa amagwira ntchito nthawi zonse?

Ayi, ndipo n'chifukwa chake si bwino kudalira chizindikiro chimodzi. Moss wotchedwa Fissidens ali ndi timasamba m'mizere iwiri, wophwatalala ngati liverwort, koma mtsempha wapakati umamuulula. Moss ena alibe mtsempha konse. Riccia, liverwort amene amamera padothi ngati kanyenyezi kobiriwira, alibe kaphesi ngakhale elater. Kathumba kake kamakhala m'kati mwa thupi, ndipo spore zimatuluka thupilo likawola.

Nkhani ya Takakia imatonthoza aliyense amene anasokonezekapo. M'chaka cha 1861, William Mitten wa ku England anafotokoza kachomera kochokera kumapiri a Himalaya, n'kukaika m'gulu la liverwort chifukwa timasamba take tinali togawika. Patapita zaka pafupifupi 100, m'bale wake anapezeka ku Japan, ndipo m'chaka cha 1958 anapatsidwa dzina lakuti Takakia polemekeza Noriwo Takaki amene anamutola. Akatswiri anapitiriza kukangana chifukwa panalibe amene anaonapo kathumba kake. Kathumbako katapezeka kuzilumba za Aleutian ku Alaska, n'kufotokozedwa m'chaka cha 1993, mkangano unatha: Takakia ndi moss. Zaka zoposa 130 zinadutsa yankho lisanapezeke, ndipo linachokera kwa mwana wa kumsana uja.

Pakati pa ziwirizi, wamkulu ndani?

Zonse ndi zakale kuposa mitengo, udzu ndi maluwa. M'miyala ya ku Argentina munapezeka spore za zaka pafupifupi 470 miliyoni, umboni wina wakale kwambiri wa zomera zapamtunda. Ku New York kunapezeka zotsalira za liverwort za zaka zoposa 380 miliyoni. Kwa nthawi yaitali akatswiri ankaganiza kuti liverwort ndiye anayamba kupatuka kwa zomera zina zonse zapamtunda. Kafukufuku wa DNA wa zaka zaposachedwa, makamaka kuyambira 2018, akuloza kwina: moss ndi liverwort ndi pachibale chapafupi, ana a kholo limodzi amene anasiyana njira kalekale. Choncho kufanana kwawo si kwangozi, ndipo kusiyana kwawo ndi ntchito ya zaka mamiliyoni mazana.

Chilimwe chikafika zimauma gwa. Kodi zimakhala zafa?

Zambiri sizifa. Mtengo umalimbana ndi chilala posunga madzi ndi kuzamitsa mizu. Tizomerati timangolola kuuma, moyo n'kuima kaye, kudikira mvula. Moss ambiri amachita bwino pa luso limeneli: mukathira madzi pa kachidutswa kouma kotuwa, timasamba timatambasuka n'kubiriwira inu mukuona. Liverwort ambiri ndi ofewa ndipo amafuna mthunzi wosatha, koma Riccia, amene ali ndi mitundu yambiri kum'mwera kwa Africa, amapinda m'mbali mwake n'kudzikuta, ndipo amatseguka ndi mvula yoyamba.

Kupirira kwa moss kumadabwitsa. M'chaka cha 2014 akatswiri a ku Britain anaonetsa kuti moss amene anakhala m'dothi loundana ndi chisanu pachilumba cha Signy, kufupi ndi Antarctica, kwa zaka zoposa 1,500, anaphukanso atamuika pofunda.

Kusiyanitsa tizomera tating'ono chonchi kuli ndi phindu lanji?

Phindu lake limaoneka tikafunsa chimene gulu lililonse lachitira anthu. Moss wotchedwa Sphagnum amasunga madzi olemera pafupifupi ka 20 kuposa iye mwini akauma, ndipo m'kati mwake tizilombo toyambitsa matenda sitichulukana bwino. Pa nkhondo yoyamba ya dziko lonse, ya 1914 mpaka 1918, thonje litasowa, anthu a ku Britain, Canada ndi mayiko ena ankatola moss ameneyu kuti amangire mabala a asilikali. Sphagnum yemweyo ndiye anamanga madambo ambiri a peat (dothi la zomera zosawola bwino) a kumpoto kwa dziko. Madambo a peat amatenga pafupifupi magawo 3 okha pa 100 aliwonse a mtunda, koma amasunga kaboni wochuluka kuposa wa m'mitengo ya nkhalango zonse za padziko. Ndiponso, popeza moss amadya zimene zagwa ndi mvula ndi fumbi, mayiko a ku Ulaya amamupima zaka zisanu zilizonse kuti adziwe kuchuluka kwa zitsulo zoipa mumpweya, njira imene inayambira ku Sweden kumapeto kwa zaka za m'ma 1960.

Liverwort wapereka zambiri ku sayansi. M'chaka cha 1917, Charles Allen wa ku yunivesite ya Wisconsin anapeza kwa nthawi yoyamba mwa zomera ma chromosome osiyanitsa chachimuna ndi chachikazi, ndipo anawapeza mwa liverwort wotchedwa Sphaerocarpos. Lero Marchantia amaŵetedwa m'malo ofufuzira ambiri, ndipo DNA yake yonse inawerengedwa n'kufalitsidwa m'chaka cha 2017. Wofuna kudziwa mmene zomera zinachokera m'madzi kudzakhala pamtunda amayang'ana kwa iye.

Nanga kwathu kuno zimapezeka kuti, ndipo munthu angayambe bwanji?

Zili pafupi kuposa mmene tiganizira: pakhoma la njerwa losawombedwa dzuwa, m'ngalande ya pamjigo, m'mbali mwa chitsime. Pamalo pamene panapsa moto pamakonda kumera moss wotchedwa Funaria, amene kaphesi kake kamapotoka ndi kupotoloka malinga ndi chinyontho. Koma kwawo kwenikweni ndi kumapiri a nkhungu: Mulanje, Zomba, Nyika ndi Ntchisi. M'chaka cha 1991 gulu la akatswiri la British Bryological Society linakwera phiri la Mulanje kukafufuza tizomera timeneti, ndipo zimene linatola zinalembedwa m'malipoti a sayansi kwa zaka zambiri. M'nkhalango zonyowa zotere muli ngakhale ma liverwort amene amamera pamwamba pa masamba amoyo a mitengo.

Kumapiriko tizomerati tili pantchito. Chiperoni chikakuta phiri, timakola nkhungu, timasunga madziwo ngati siponji, n'kumawatulutsa pang'onopang'ono. Timagwira dothi pamiyala, ndipo mbewu za zomera zina zimapeza pomerera. Mitsinje ya Likhubula, Lichenya ndi Ruo imayambira m'malo oterowo. Nkhwangwa ikagwetsa mkungudza, kapena moto ukalusa m'phiri, sikuti patayika mtengo wokha; mthunzi umachoka, ndipo tizomera tonse timene tinkadalira mthunziwo timapita nawo, nthawi zambiri tisanalembedwe n'komwe.

Kuyamba sikufuna ndalama zambiri. Tsiku lina mvula itakata, tengani galasi lokulitsira, pezani khoma lonyowa, gwadani. Dzifunseni mafunso anayi. Kodi ndi chophwatalala kapena chili ndi tsinde? Timasamba tazungulira kapena tili m'mizere iwiri? Mtsempha wapakati ulipo? Kaphesi ndi kolimba kofiirira kapena koyera kofewa? Ngati mukufuna kukayang'anitsitsa kunyumba, tengani kachidutswa kochepa ngati chikhadabo, chotsalacho musiye chikule, pakuti chimene dzanja limasenda m'kamphindi chinatenga zaka kuti chimere. Tsiku limene mudzaloza pakhoma n'kunena kuti uyu ndi moss, uyo ndi liverwort, mudzakhala mwapeza anansi awiri amene akhala pakhomo panu nthawi yonseyi. Ndipo mnansi amene wadziwika dzina saponderezedwa mosasamala.